Usiku woyamba wa nyama yolanditsidwa: kalata kwa akuluakulu a boma la Kasungu

Kwa a Bwanamkubwa a boma la Kasungu, akuluakulu a nthambi yoona za nyama zakutchire, akulu a polisi ndi a makhoti, alangizi a ziweto, ndi inu a Gogo Chalo a madera ozungulira nkhalango yathu,

Zikomo mabwana ndi mafumu athu. Takulemberani pagulu chifukwa nkhaniyi siikwana mu ofesi imodzi. Nyama yakutchire ikakodwa mu khwekhwe, ikalandidwa kwa wozembetsa, kapena ikatoledwa ndi mwana kumunda, imadutsa m'manja ambiri isanaonane ndi dokotala: wakumudzi, nyakwawa, wapolisi, agemu, dalaivala. Onsewa angathe kuigwira ndi mtima wabwino, nyamayo n'kufabe. Madokotala a nyama zakutchire alipo. Bungwe la Lilongwe Wildlife Trust lili ndi malo osamalirapo nyama zoterezi ku Lilongwe, ndiponso gulu lothamangira ngozi lomwe limagwira ntchito limodzi ndi boma. Koma kuchoka pa boma la Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, osawerengera mtunda wochokera kwa Chulu kapena kwa Kawamba kudzafika pa tauni. Nyama yopezeka madzulo imagona kuno. Moyo wake uli m'manja mwa amene agona nayo usiku woyambawo, ndipo usiku umenewu ndiwo tikupempha kuti muukonzekere.

Tiyambe ndi ngaka, popeza ndiyo imafa mwakachetechete kuposa zonse. Ngaka ilibe mano. Chakudya chake ndi nyerere ndi chiswe basi, ndipo imachita kusankha mitundu yake, kufukula yokha ndi zikhadabo, n'kumakoka ndi lilime lalitali lomata. Muiikire nsima, mkaka, kabichi, ngakhale chiswe chofukula pachulu n'kuthira m'mbale, siidzakhudza. Pamene ikufika m'manja mwa apolisi imakhala itatha kale masiku m'thumba la feteleza kapena mu mgolo, mwini katunduyo akusakasaka wogula. Madzi m'thupi atha, shuga wa m'magazi watsika, zikhadabo zathyoka poyesa kuboola mgolo, ndipo kawirikawiri chibayo chayamba kale. Choipa n'chakuti maonekedwe ake sakuuzani kanthu. Ngaka yamphamvu imadzipinda ngati mpira, yodwala imadzipindanso. Imene yaleka kudzipinda, yomwe anthu amati yazolowera, ndiyo yatsala pang'ono kufa.

Zofunika usiku umenewo si zodula. Bokosi lamatabwa lolimba, lokhala ndi mabowo a mpweya m'mbali ndi chotsekera cha loko, chifukwa katoni kapena dengu ngaka imang'amba ndipo imakankha chivundikiro ndi msana. Bulangeti pansi pake. Madzi oyera m'mbale yosazama, yolemera kuti isagubuduke. Chipinda chamdima, chopanda wailesi, chopanda agalu pakhomo. Thupi la ngaka n'lozizirirapo kale kuyerekeza ndi la nyama zina zoyamwitsa, ndipo silitha kudzitenthetsa bwino, choncho simenti ya pansi m'mwezi wa Juni kapena Julaye imaimaliza. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, loika pakona imodzi ya bokosi kuti nyamayo izitha kusendera kapena kutalikira, limathetsa vutoli. Kutentha nakonso kumapha: bokosi lisayende padzuwa kumbuyo kwa pikapu masana a Okutobala. Wina asaitambasule mokakamiza pofuna kuona kumaso, asainyamulire kumchira, ndipo aigwire ndi magolovesi okhuthala kapena thaulo, popeza mamba a kumchira amatsina zala ngati sizasi. Yaikazi ikhoza kukhala itafumbata mwana pamimba mkati mwa mpirawo, ndiye kuigwetsa kapena kuigubuduza n'kupha awiri.

Kwa inu a polisi ndi a makhoti tili ndi pempho lapadera. Kuyambira pamene lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso mu 2017, wopezeka ndi ngaka akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30, ndipo malonda a ngaka pakati pa mayiko analetsedwa kotheratu pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ku Johannesburg mu 2016. Lamuloli tikugwirizana nalo. Koma ngaka ndi umboni wopuma. Njinga yobedwa ikhoza kudikira m'chipinda cha umboni mpaka mlandu uthe, ngaka ayi. Tikupempha kuti mugwirizane ndondomeko imodzi yolembedwa: tsiku lomwe yalandidwa iyezedwe pa sikelo, ijambulidwe mbali zonse pamaso pa mboni, wodziwa alembe kuti ndi nyama yanji ndipo ili bwanji, onse okhudzidwa asayine, kenaka iperekedwe kwa osamalira popanda kudikira tsiku la khoti. Zithunzi, kulemera kwake ndi lipoti la dokotala zikaimire nyamayo pamaso pa woweruza. Yolandidwa Lachisanu madzulo isadikire Lolemba. Ndipo mwambo woiyala pabwalo kuti atolankhani ndi anthu odutsa ajambule uchepe. Chithunzi chimodzi chojambula mwachangu pamthunzi n'chokwanira nyuzipepala.

Mwina simudziwa chimene chimatsatira ikafika kwa osamalira, ndiye tikuuzeni kuti muone kulemera kwa ntchitoyi. Yofooka imagonetsedwa ndi mankhwala, kupatsidwa madzi a m'thupi ndi kudyetsedwa kudzera pa kapaipi kofika m'mimba. Ikayamba kulimba, munthu amaitengera kutchire madzulo alionse n'kumaitsata pambuyo kwa maola angapo iyo ikufukula nyerere, mvula kaya kuzizira, popanda Lamulungu. Imayezedwa tsiku ndi tsiku, chifukwa sikelo yokha ndiyo imanena zoona. Imabwezedwa kutchire ikamakwera kulemera mosabwerera, itamangiriridwa kachipangizo pa mamba kuti ilondoledwe. Ngaka imabereka mwana mmodzi pa chaka. Yaikazi imodzi yofera m'chipinda cha umboni siibwezeka msanga.

Chilango chokhwimacho chili ndi mbali ina imene a Gogo Chalo okha ndiwo mungaikonze. Mlimi akakumana ndi ngaka pa mzere wa fodya, mutu wake umathamangira ku zaka 30 zija. Ena amaibisa m'chigafa masiku atatu akuganiza chochita, ena amauza mnzawo amene amadziwa munthu wina wa kumalire. Uthenga upite m'misonkhano ya m'midzi momveka: ngaka yoyenda yokha bwinobwino isiyeni ipite, ndipo mudziwitse agemu malo ake. Ikakhala pangozi, ngati pamsewu kapena pakati pa agalu, uzani amfumu nthawi yomweyo, amfumu aimbe foni pomwepo, pakhale mboni. Wochita zotere alandiridwe ngati wothandiza boma. Akangogona m'chitokosi mmodzi yekha wotere, dera lonse lidzatseka pakamwa kwa zaka.

Kanthu kena kakang'ono kwa oyang'anira mpanda wamagetsi. M'mayiko a kumwera kwathu kuno zadziwika kuti ngaka zambiri zimafera pa waya wamoto wapansi kwambiri. Imayenda ndi miyendo yakumbuyo, pamimba popanda mamba pamakhudza waya, ndiye m'malo mothawa imadzipinda mozungulira wayayo n'kumamenyedwa ndi magetsi mpaka kufa. Akamba nawonso amafa chimodzimodzi. Kukweza waya wamoto wapansiwo kufika pa masentimita 30 kumachepetsa imfazi. Oyendera mpanda azilemba chilichonse chimene apeza chitafa pamzerewo.

Tsopano za makhwekhwe. Pakati pa Juni ndi Julaye 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera m'nkhalango ya Kasungu, pamodzi ndi nyama zina 431 monga njati, nswala, mphalapala ndi njiri, pa ntchito ya boma mothandizana ndi mabungwe oteteza nyama a African Parks ndi IFAW. Nkhalango imene inali ndi njovu zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, n'kutsala ndi pafupifupi 50 pofika 2015, inayambanso kudzaza. Walira mvula walira matope. Nyama zikachuluka, zokodwa nazo zimachuluka, ndipo khwekhwe silisankha. Wotchera amafuna gwape kapena nguluwe, koma waya wa mabuleki a njinga kapena wodula pampanda umagwira mwendo wa mwana wa njovu, chitamba, khosi la fisi. Nyama ikamakoka, waya umalowa. Umadula chikopa, minofu, mpaka kukakhala pa fupa, bala n'kuchita mphutsi.

Woona nyama yotere asunge m'mutu zinthu zinayi zokha: malo, nthawi, chiwalo chimene chagwidwa, ndi kumene nyamayo yalowera. Akatero aimbe foni, n'kubweza anthu ndi agalu. Asayesere kumasula. Nguluwe, fisi kapena kambuku wokodwa amaoneka wotheratu, koma amalumpha utali wonse wa waya, ndipo waya wopotoka usiku wonse umaduka nthawi iliyonse. Ngakhale kanyama kakang'ono komasulidwa bwino kasatayidwe kutchire tsiku lomwelo. Pamene waya unafinya magazi sankayenda, ndipo mnofu wa pamenepo umayamba kufa patapita masiku angapo. Kamene kanathawa kakuoneka kabwinobwino kamakafera patchire bala litatseguka.

Kugonetsa nyama yaikulu anthu amakuona ngati kuwombera jakisoni basi. Mankhwala ake, etorphine, ndi oopsa kotero kuti kadontho kolowa pa bala la munthu kakhoza kumuimitsa kupuma. N'chifukwa chake amasungidwa motsekera, amalembedwa m'kaundula, amagwiridwa ndi dokotala wololedwa yekha, ndipo pambali pake pamayenera kukhala munthu wachiwiri wodziwa kubaya mankhwala obweza. Jakisoni akalowa, nyama siigwa pomwepo. Pamadutsa mphindi zingapo ikuthamanga, ndipo ikhoza kukagwera m'madzi, m'chigwembe kapena m'matope a dambo. Ntchitoyi imafuna m'mawa kusanatenthe, galimoto yotha kulowa m'tchire, zingwe zolimba, chodulira waya, zigubu za madzi, ndi agemu okwanira kutalikitsa njovu zinzake, makamaka wokodwayo akakhala mwana mayi wake ali pomwepo.

Kagonedwe kake ndiko kamapha kapena kupulumutsa. Njovu iyenera kugona cham'mbali. Ikagwa chogwada, chifuwa chili pansi, kulemera kwa mimba kumapanikiza mapapo ndipo imabanika m'mphindi zochepa, choncho imakokedwa ndi zingwe kuti igwere kumbali. Chitamba chimawongoledwa, kunsonga kwake n'kutsekulidwa ndi kamtengo kuti mpweya uzidutsa. Khutu limapindidwira kumaso kuteteza diso ku dzuwa ndi fumbi, madzi amathiridwa pa makutu kuti thupi lizizire, ndipo munthu mmodzi alibe ntchito ina koma kuwerenga kupuma. Njati, mphalapala ndi nyama zonse zobzikula n'zosiyana kotheratu. Izo ziyenera kukhala chogwada, mutu uli m'mwamba koma mphuno yoloza pansi. Mukazigoneka cham'mbali mimba imafufuma ndi mpweya, zobzikula zimabwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo. Wothandiza amene anaphunzira pa njovu yokha akhoza kupha njati ndi mtima wofuna kuthandiza. Waya ukadulidwa, bala limatsukidwa, mnofu wakufa umachotsedwa, nyama imabayidwa mankhwala okhalitsa olimbana ndi tizilombo, kenaka odzutsa, ndipo aliyense akhale atafika kale kugalimoto chifukwa imadzuka msanga ndiponso yokwiya.

Nyama yobayidwa mankhwalawa ikafa si ndiwo. Iwotchedwe kapena ikwiriridwe mozama agemu ali pomwepo, ndipo amfumu auze anthu chifukwa chake mipeni isanatuluke.

Pali imfa ina imene imasokoneza anthu ambiri. Gwape kapena mbawala yalowa m'mudzi, anyamata aithamangitsa ndi agalu, aigwira, aimanga miyendo ndi luzi, aikweza pa kabaza wa njinga yamoto kupita nayo kwa agemu. Ilibe bala lililonse. M'mawa mwake yauma khosi, ikulephera kuima, mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo tsiku lomwelo kapena lotsatira yafa. Mantha, kuthamanga ndi kutentha zimaphwanya minofu, zophwanyikazo zimakatseka impso, mtima nawo umafooka. Zikayamba, mankhwala sathandiza kwenikweni. Kupewa kwake n'kosavuta: osaithamangitsa, kuitsegulira njira yobwerera kutchire, ndipo ngati kuigwira n'kosapeweka, kuiphimba kumaso ndi nsalu, kukhala chete, kuiika m'bokosi lamdima lochepa loti isathe kudumphamo, ndi kuyenda nayo kukazizira.

Ana a gwape ambiri otoledwa sanali amasiye. Mayi amabisa mwana m'udzu n'kupita kukadya, amabwera kudzayamwitsa kangapo patsiku, ndipo mwanayo amangogona duu osathawa munthu. Wotola amaganiza kuti wapulumutsa, pamene walanda. Mwana wogona mwakachetechete, wopanda bala, wopanda ntchentche, asiyidwe. Ngati watoledwa kale tsiku lomwelo, abwezedwe pamalo pomwepo. Wamasiye weniweni amayendayenda akulira, m'mimba muli pululu, chikopa mukachitsina chimachedwa kubwerera. Ana a kadzidzi opezeka pansi nawonso nthawi zambiri amakhala akuphunzira kuuluka makolo ali pafupi. Zimene anthu amanena za kadzidzi tikuzidziwa, koma ndiye mlonda wa nkhokwe amene amadya makoswe usiku wonse osalipidwa. Kamwanako kaikidwe panthambi kuti agalu asakapeze, basi.

Kwa wamasiye weniweni dongosolo lake silisintha: kutenthetsa, madzi, kenaka chakudya. Kamwana kozizira sikagaya mkaka, umangovunda m'mimba. Kakafunda, kapatsidwe madzi a Thanzi, kapena osakaniza lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano pambali pa kamwa. Kakalephera kuimika mutu, kasapatsidwe kanthu pakamwa. Cholakwika chachikulu ndi kukagoneka chagada ngati khanda la munthu n'kukathira mkaka wa ng'ombe: wina umalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, wotsalawo umatsegula m'mimba. Mwana wa gwape amayamwa ataima, ndipo akatha amafuna kupukutidwa kumbuyo ndi kansalu konyowa kofunda monga mayi amanyambitira, apo ayi sakodza bwino. Mtundu wa mkaka ndi muyeso wake anene ndi dokotala pa foni, atauzidwa kulemera kwa kamwanako. N'chifukwa chake sikelo tikuitchula kawirikawiri.

Za apusi ndi anyani ndi nkhani ya zaka. Mayi wa pusi kapena nyani amaphedwa m'munda wa chimanga, mwana wokakamira pamimba amatengedwa kukasangalatsa ana kapena kukagulitsidwa pamsewu. Amamangidwa chingwe m'chiuno, iye akukula chingwe chosakula, mpaka chimalowa m'mnofu. Akafika pa msinkhu mano atatalika amayamba kuluma, ndipo pamenepo mwini wake ndi pomwe amafuna boma limutenge lero lomwe. Kumutaya m'nkhalango yekha n'kumupha, popeza sadziwa chakudya cha kutchire, sadziwa kambuku, ndipo magulu a komweko amamumenya. Kapena amabwerera kumudzi woyandikira kukalanda chakudya m'manja mwa amayi, n'kuphedwa. Njira yoona ndi yaitali. Wakhanda amayamwitsidwa maola awiri kapena atatu alionse usana ndi usiku. Aliyense amayamba wakhala payekha mwezi kapena kuposerapo akuyezedwa matenda, makamaka chifuwa chachikulu chimene anthu ndi anyani amapatsirana. Kenaka amazoloweretsedwa kwa anzake kudzera pa waya, mmodzimmodzi, kufikira patapangika gulu lokhala ndi akuluakulu ake ndi ana ake. Gulu lotero ndilo limatulutsidwa pamodzi, ndipo magulu ena otere anatulutsidwira m'nkhalango yathu yomwe ino, anthu n'kumawatsata miyezi yambiri. Pusi mmodzi wogulidwa pamsewu chifukwa cha chisoni amadya ndalama ndi nthawi ya anthu kwa zaka, ndipo ndalama yomwe wogulayo wapereka ndiyo imatuma wogulitsa kukapha mayi wina. Apolisi apamsewu akaona malonda otere alande, asadikire dandaulo.

Alangizi a ziweto, gawo lanu ndi ili. Si nyama iliyonse yofatsa imene ikufuna thandizo. Nkhandwe, fisi kapena chiuli cholowa m'mudzi masana, chosaopa anthu, choyenda dzandidzandi kapena chotuluka dovu, chiganiziridwe chiwewe ndipo munthu asachikhudze. Wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera. Zizindikiro zikaoneka pa munthu, kuchira kulibe. Galu wapakhomo amene waluma munthu amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masikuwo kuti ayambe katemera. Nyama yokayikitsa ikaphedwa, mutu usaphwanyidwe, chifukwa ubongo ndiwo umayezedwa ku labotale, ndipo uyende m'chozizira. Chiwewe chambiri chimachokera kwa agalu athu omwe, n'kufalikira kwa anthu ndi kwa nyama zakutchire. Chimaduka agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa chaka ndi chaka. Katemera wa tsiku limodzi pa boma pa 28 Sepitembala, tsiku lolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse, sangafike pamenepo. Midzi ya m'mphepete mwa nkhalango iyenera kuyenderedwa khomo ndi khomo, katemera ali m'bokosi lozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8. Wotenthedwa pa keriyala ya njinga akhoza kutha mphamvu, n'kunamiza mwini galu kuti watetezeka. Onse ogwira nyama, agemu ndi apolisi osankhidwa, alandire katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata asanayambe ntchito.

Pali chinthu chimene ambiri safuna kuchitchula pamsonkhano. Nyama zina sizipulumuka. Gwape wothyoka msana, mbalame yoduka phiko, fisi amene waya wamudula kummero: kuzisunga ndi kutalikitsa ululu. Kupha mwachifundo ndi gawo la ntchito yolanditsa nyama, ndipo kumafuna kuti zidziwike kale kuti wolamula ndani, wochita ndani, ndi njira yanji, dokotala akakhala kutali. Popanda chilolezo chomveka aliyense amaopa kufunsidwa, ndiye nyama imasiyidwa kuseri kwa ofesi kuti ife yokha masiku awiri. Chigamulo chotere chizilembedwa, chithunzi chizijambulidwa, ndipo mtembo uzitayidwa pamaso pa mboni kuti pasakhale wonena kuti agemu anafuna ndiwo.

Zonsezi zimaima pa foni imodzi. Tikupempha nambala imodzi ya boma lonse, yolembedwa pa sukulu, pa chipatala chaching'ono, pa bwalo la mfumu ndi pa polisi iliyonse, yoyankhidwa usiku ndi pa tchuthi, yokhala ndi mayunitsi obwezera woimba. Woyankha akhale ndi pepala la mafunso pafupi: nyama yanji, ili kuti, yavulala pati, ikuima kapena ayi, ndani ali nayo, alipo wolumidwa. Ndipo nambala yomweyo ikhale yoimbira njovu zikalowa m'munda. Apa tisabise mawu. Chibwerereni njovu zija, anthu a m'mphepete mwa nkhalango, kuno ndi tsidya la Zambia, ataya mbewu, nkhokwe, ndipo mabanja ena aika maliro. Munthu amene anaimba usiku njovu zili m'chimanga chake osayankhidwa, mukamuuza kuti aimbe akaona njovu yokodwa adzakuyang'anani kumaso. Galimoto yothamangira mwana wa njovu koma yosowa mafuta pa tsiku la munda wa mayi wamasiye imaphunzitsa mudzi wonse phunziro loipa, ndipo khwekhwe lotsatira limatcheredwa ndi mkwiyo.

Mafuta akhale ndi thumba lakelake losakhudzidwa ndi maulendo a misonkhano, lokwanira ulendo wopita ku Lilongwe ndi kubwerera nthawi iliyonse. Kukumana pakati panjira, pa Mponela kapena pa Madisi, kumadula nthawi ndi theka ngati mbali zonse zagwirizana kale. M'dzinja misewu ya kumadzulo kwa boma imavuta, choncho katundu akhale kufupi ndi anthu m'malo mounjikana pa likulu. Polisi iliyonse ndi kampu iliyonse ya agemu ikhale ndi mabokosi awiri, lalikulu ndi laling'ono, mabulangeti awiri, magolovesi achikopa ndi apulasitiki, sikelo yopachika, tochi, sopo, masirinji, mapaketi a Thanzi, chodulira waya, ndi kaundula. Akalipentala a pa Kasungu pompano akhoza kukhoma mabokosiwo atapatsidwa muyeso. Bokosi likagwira ntchito litsukidwe ndi mankhwala ophera tizilombo, liume padzuwa, libwerere pamalo pake, chifukwa katundu wotere amakonda kusanduka mpando wa mlonda kapena mosungira makala.

Maphunziro asakhale a akuluakulu okha m'holo ya hotela. Amene amagwira nyama usiku ndi wapolisi wa pa kauntala, mlonda wa pa geti, mlangizi wa kumudzi. Awiri pa malo alionse aphunzitsidwe ndi manja, kunyamula bokosi, kuphimba maso, kuyeza, kulemba, ndipo wina akasamutsidwa wolowa m'malo aphunzitsidwe mwezi womwewo. Osamalira ana a nyama azisinthana, popeza munthu mmodzi sangadzuke maola awiri alionse kwa milungu osalakwitsa muyeso. Aziuzidwanso poyambirira kuti nyama yobwerera kutchire siipatsidwa dzina, siiseweretsedwa, siionetsedwa kwa alendo. Ikazolowera munthu, tsiku lina idzayenda yokha kupita kwa mlenje.

Kaundula uja musamupeputse. Tsiku, malo, mtundu wa nyama, ola limene foni inalira, ola limene thandizo linafika, ndi mathero ake. Pakatha chaka mudzaona nokha midzi imene makhwekhwe achuluka, miyezi imene ana a nyama amatoledwa, ndi pamene maola akutayikira. Makomiti a zachilengedwe a m'midzi aziwerengeredwa zotsatirazo, kuti amene anaimba foni adziwe kuti ngaka yawo ija inafa kapena inabwerera kutchire.

A Bwanamkubwa, tikupempha kuti muitanitse mbali zonse tatchulazi pa tebulo limodzi moto wolusa wa chilimwe usanayambe, popeza ndi nthawi imene madzi amaphwa, nyama zimaunjikana pa zithaphwi zochepa ndi pa damu la Lifupa, ndipo otchera amadziwa pozidikira. Pa tsikulo patuluke zinthu zitatu zogwirika: nambala ya foni ndi mayina a oyankha mwezi woyamba, pepala losayinidwa ndi apolisi, oimira boma pa milandu ndi a nthambi ya nyama lonena za umboni wamoyo, ndi chiwerengero cha mabokosi pamodzi ndi tsiku limene adzafike pa malo alionse. Muyeso wa mabokosi ndi pepala la mafunso tidzabwera nazo.

Ife anu,
Ena mwa ogwira ntchito yosamalira nyama ndi ziweto m'boma la Kasungu